Mtolo wa Mapepala Umene Unapita ku Namitambo

Ana anga, mumandiseka ndikagula usipa pamsika chifukwa ndimayamba ndafunyulula pepala lokulungira, kuliwerenga mbali zonse ziwiri, kenako n'kuyang'ana ndiwozo. Amayi anu amati ndi matenda a anthu a nyuzipepala. Akunena zoona, koma sakunena zonse. Zotsalazo ndi zimene ndikulemba m'mutu uno.

Ku nyuzipepala, Blantyre

Ntchito yanga yoyamba inali yowerenga nkhani zisanasindikizidwe, pa nyuzipepala ina ku Blantyre, nthawi ya chipani chimodzi. Tinkakhala awiri patebulo, wina kuwerenga mokweza, wina kutsatira ndi pensulo. Chipinda chathu chinagundana ndi cha makina, choncho zovala zathu zinkanunkha inki ndi palafini mpaka kunyumba. Bwana wathu anali a Gondwe, munthu wamfupi, wosuta fodya, wosakweza mawu. Akapeza cholakwika ankangoika chala pamenepo n'kudikira kuti uchione wekha. Masiku amenewo chilembo chimodzi cholakwika m'dzina la munthu wamkulu chinkatha kukutengetsa. Mnzathu wina anaitanidwa kukafunsidwa za chithunzi chimene chinadulidwa molakwika. Anabwerako ataonda, wosalankhula, ndipo sanagwirenso pensulo.

Tsiku lina mkonzi wamkulu analetsa nkhani makina atayamba kale kulira. A Gondwe anandituma kuti nditole mapepala onse amene anali atatuluka, ndikawatenthe kuseri kwa nyumba. Ndinafunsa chifukwa chosangowaponyera m'bini.

"Namate," anatero, "pepala silifa. Ukaliponya m'bini lero, mawa likulunga nyama ku Ndirande. Ndipo wogula nyamayo amadziwa kuwerenga."

Ndinadzaona ndekha kuti ndi zoona. Makina osindikizira akamayamba, mapepala oyambirira amatuluka otuwa kapena opendekera, mpaka inki itakhazikika. Amenewo amatchedwa oyesera. Amaunjikidwa pakona, ndipo pali anthu amene ntchito yawo ndi kuwagula m'mitolo n'kukawagulitsa kwa ochita malonda m'misika. Mawu ake amawerengeka bwinobwino.

Ku boma, Chiradzulu

Zipani zambiri zitabwera, nyuzipepala yathu inachepetsa antchito. Ndinapeza malo a mtolankhani wa boma ndipo ananditumiza kwathu konkuno ku Chiradzulu. Ndinapeza kamera yopanda filimu, njinga yamoto yopanda mafuta, ndi taipilaita imene riboni yake tinkaidontheza mafuta a makina osokera kuti ilembeko. Nkhani za ku Mbulumbuzi ndi ku Kadewere ndinkazitola pa njinga yakapalasa, n'kukaziwerenga pa foni kwa munthu wa kulikulu amene ankandidula pakati kuti, "Fupikitsani, achimwene, si ulaliki." Mabwana ankasinthasintha. Wina ankafuna chithunzi chake pa mjigo uliwonse watsopano, wina ankathawa kamera ngati ngongole. Ndinaphunzira kuwasangalatsa onse popanda kulemba bodza.

M'zaka zimenezo amalume anga anamwalira, ndipo udindo wa mwini mbumba unagwera ine. Inu munakulira m'tauni, choncho ndifotokoze. Kwathu kufupi ndi Namitambo munda ndi wa akazi. Mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi monga mkamwini, ndipo woyang'anira alongo ndi ana awo ndi mchimwene wawo. Mmodzi mwa ana a achemwali anga ndimutcha Nachisale m'buku lino. Umenewo si mfunda wake weniweni, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake. Anakwatiwa ndi mnyamata wina amene ndimutcha Jolamu, wolimbikira ntchito, waulemu pamaso pa anthu, wofika Fomu 2. Poyamba ankapalasa kabaza, kenako anagula njinga yamoto.

Mlandu wawo woyamba unandipeza mwana wawo wachiwiri ali kumsana. Nachisale anabwera dzino lakutsogolo palibe. Ankhoswe anakhala pansi, Jolamu anagwada, analira, anapepesa. Wachiwiri unali wa mkono. Pa mwana wachinayi Nachisale anataya magazi ambiri, ndipo a chipatala anamuuza kuti mimba ina ikhoza kumutengera kumanda. Jolamu anayankha pamaso panga kuti mkazi wosiya kubereka ndiye kuti wayamba za kuseri. Pansi pa mpando wa njinga yake pankakhala chikwanje. Ankati n'cha akuba.

Ku koleji

Ntchito yanga yomaliza inali ku koleji ina ku Blantyre, mu ofesi yosindikiza mabuku. Mutu wa ntchitoyo unali msonkhano wa chaka ndi chaka umene makoleji a m'dziko lonse amatumizako ophunzira a chaka chomaliza cha digiri yoyamba kuti akafotokoze kafukufuku wawo. Makolejiwo amachereza mosinthana. Ophunzira amaima mmodzimmodzi pamaso pa aphunzitsi, akuluakulu a boma ndi atolankhani, wina za anankafumbwe m'chimanga, wina za madzi a m'zitsime, wina za milatho yokokoloka. Ambiri amavala majekete obwereka, manja ake ofika m'zala. Nthawi ikatha belu limalira, kaya wamaliza kaya ali pakati pa chiganizo. Ndinaonapo mnyamata wamtali akukomoka asananene dzina lake.

Kafukufuku wosankhidwa amasindikizidwa m'buku limodzi, ndipo bukulo limagawidwa tsiku lotsegulira. Kwa mwana wa mphawi, dzina lake m'buku limenelo ndilo khomo la maphunziro apamwamba, chifukwa opereka thandizo la sukulu amafunsa chimene munthu anasindikizapo. Ntchito yanga inali kukonza Chingerezi, kudula zotalika, kuthamangitsa ochedwa, ndi kunyamula zonse kupita nazo kwa osindikiza ku Limbe.

Chaka chimene ndikunenachi msonkhano unali kwathu, ndipo chinali chaka chovuta. Magetsi ankazima tsiku lililonse, mafuta a galimoto ankasowa, ndipo mapepala osindikizira, amene amachokera kunja, anali osaoneka. Tinapeza ongokwanira buku, pulogalamu ya msonkhano, ndi masamba oyambirira onyezimira a zithunzi ndi mawu a mlendo wolemekezeka. Woyang'anira msonkhano anali a Dokotala Mhone, mayi wachangu, wachilungamo, wosakonda kubwereza mawu. Sabata yomaliza wophunzira wina anadwala n'kuchoka pa mndandanda. A Mhone anaika wina m'malo mwake ndipo anatumiza nkhani yake kwa osindikiza mwachindunji, chifukwa nthawi inali itatha. Sinadutse patebulo langa.

Lachiwiri, ku Limbe

Msonkhano unali Lachisanu. Lachiwiri m'mawa ndinapita kwa osindikiza monga mwa chizolowezi cha a Gondwe, kukasolola pepala limodzi pa makina n'kuliwerenga chiimire. Buku silisindikizidwa tsamba ndi tsamba. Chipepala chachikulu chimodzi chimanyamula masamba khumi ndi asanu ndi limodzi, kenako chimapindidwa n'kudulidwa. Chimene ndinasololacho chinali ndi nkhani yatsopano ija. Mlembi wake anali Asiyatu, mtsikana wa ku Mbulumbuzi, ndipo mutu wake unali wa amayi amene amatsata njira zakulera mobisa, amuna awo osadziwa. Nkhaniyo inali ya Chingerezi, koma mawu a amayiwo anawasiya m'Chinyanja monga anawalankhulira. Mudzi anautchula. Unali mudzi wathu.

Ndinawerenga: Nachisale, wa ana anayi, wogulitsa zitumbuwa pa chigayo, mwamuna wake wa kabaza wa njinga yamoto. Pansi pake panali mawu ake. "Ndimanena kuti ndikukasaka nthochi za zitumbuwa, koma ndimakabayitsa jakisoni. Akadziwa andipha. Sindikunena mongoyerekeza."

Ndinagwira tebulo. Kumunsi kunali amayi ena, Nambewe, Nangondo, Abiti wakutiwakuti, aliyense ndi ntchito yake ndi chiwerengero cha ana ake. Ambiri ndinawazindikira ngati ndikuwaona pa mjigo.

Kapitawo wa pamakina anali Che Twaibu, nkhalamba ya ndevu zoyera imene tinadziwana kuyambira ku nyuzipepala.

"Che Twaibu, zimitsani makina."

Ndisanatseke pakamwa magetsi anazima okha.

"Akumverani a magetsi, a Namate," anatero akuseka. Atandiyang'ana kumaso anasiya kuseka.

"Akayaka musayatse. Chipepala ichi mwasindikiza chochuluka bwanji?"

"Chatsala pang'ono kutha."

"Zoyesera zake zili kuti?"

Analoza pakona. Panali pongosesedwa.

"Amayi aja ogula mapepala anafika mamawa. Inki inativuta dzulo, ndiye zinali zambiri ndithu. Zapita ku msika."

Ndinabwerera ku koleji pa minibasi, chipepala chija nditachipinda m'thumba la jekete. A Mhone anandimvera akulemba zina.

"A Namate, komiti yoona za kafukufuku inavomereza. Mayina enieni anachotsedwa. Awa ndi mifunda chabe. Anachisale alipo angati m'Malawi muno?"

"M'Malawi ndi ambiri. Pa chigayo chimenecho alipo mmodzi."

Anaika cholembera pansi.

"Mukumudziwa?"

"Sindinganene."

"Nanga buku la Chingerezi lotere, kumudzi awerenga ndani?"

Ndinawafotokozera za zoyesera, ndi kuti mabuku a msonkhano amatumizidwa m'maofesi a m'maboma, kumene akakalamba amagulitsidwanso pa sikelo. Sanatsutse. Anafunsa njira. Njira zinali ziwiri. Yoyamba, kutaya chipepala chonsecho, koma chinanyamulanso nkhani za ophunzira ena amene sanalakwe kanthu, ndipo onse akanatuluka m'buku pamodzi ndi Asiyatu. Yachiwiri, kukonza nkhaniyo n'kusindikizanso. Mapepala otsala anali a pulogalamu ndi a zithunzi aja basi.

"Mukufuna mlendo wolemekezeka atsegule buku lopanda nkhope yake?" anatero. "Akuluakulu a koleji ino avomereza kale zithunzizo. Ndikawafunsa akana, ndipo adzafuna dzina la munthu amene mukumudziwayo."

Kenako anati, "Sindikukulolezani, sindikukuletsani. Mukachita, mudzayankha nokha. Mwatsala ndi zaka zingati kuti mupume?"

"Zochepa."

"Ndiye ganizani bwino."

Ndinaganiza za penshoni, ndi za inu amene munali musanamalize sukulu. Ndinaganizanso za chikwanje cha pansi pa mpando. Ndinaimbira Che Twaibu kuti atenthe chipepala chonsecho iwo eni akuonerera, ndipo asakhudze mapepala onyezimira mpaka nditabwera.

Asiyatu ndinamupeza ku laibulale akuyeserera zokanena. Anali mtsikana wochepa thupi, wa mpango wabuluu, mwana wa bambo wogulitsa zipangizo za njinga. Anali woyamba m'banja lawo kufika ku koleji. Ndinamuyalira chipepala chija.

"Mayina awa unawatenga kuti?"

"Si mayina awo, bwana. A pa ziphaso zawo ndinachotsa onse."

"Nanga bwanji sunalembe Mayi A, Mayi B, monga amachitira anzako?"

"Ndinayesa. Koma mayi wamkulu wandiyalira mkeka, wandiuza za kumtima kwake, ine ndimutche B? Ndinaona ngati chipongwe. Ndiye ndinalemba mmene ndinkawaitanira."

"Mmene unkawaitanira iwe, ndi mmene amawaitanira ndani?"

"Aliyense."

"Amayi ako, kumudzi amawadziwa ndi dzina la pa chiphaso?"

Anayang'ana chipepalacho nthawi yaitali.

"Ndawapha," anatero motsitsa.

"Sunawaphe. Nyamuka, tipite ku msika."

Amayi ogula mapepala tinawapeza kumunsi kwa msika wa Limbe, atakhala pakati pa mitolo yomanga ndi khonje. Mwa mitolo ya m'mawa umenewo tinaombola iwiri. Wachitatu unali utapita.

"Watenga bambo wina wa usipa," anatero. "Dzina sindimudziwa. Amavala chipewa chofiira, amakwera lole. Amazungulira misika ya kwanu komweko, Namitambo, Mbulumbuzi, konseko."

Asiyatu anakhala pansi pomwepo, pa fumbi.

Lachitatu, ku Namitambo

Ndinamusiya Asiyatu akusintha nkhani yake, kuchotsa mudzi, mifunda, ntchito za amayiwo ndi za amuna awo. Ine ndinakwera minibasi ya m'mawa. Njira yonse ndinkayang'ana m'manja mwa aliyense wodya kanthu. Nditatsika pa siteji, munthu woyamba kundiona anali Jolamu, atatsamira njinga yake.

"Amalume! Pakati pa sabata? Kwerani, musalipire, mungandichititse manyazi."

Kukana kukanadabwitsa. Ndinakwera, ndikudziwa chimene ndakhalira. Titangoyenda pang'ono anaima pa benchi ya usipa.

"Dikirani nditengeko ndiwo, m'nyumba mukulowa mlendo."

Wogulitsayo anasolola pepala pansi pa mwala, anapinda, anathira usipa. Linali pepala losindikizidwa. Jolamu analandira, analipendeketsa, nayamba kuwerenga, milomo ikuyenda. Ndinkayang'ana khosi lake ndi manja ake, ndikudzifunsa chimene munthu wa zaka zanga angachite pa msewu.

"Ndimakonda kuwerenga timapepala timeneti, amalume," anatero. "Nyuzi n'zodula. Apa munthu umaphunzira zaulere."

Anandipatsa kuti ndigwire. Tili pa liwiro ndinafunyulula ndi dzanja limodzi. Anali mayeso akale a masamu.

Nachisale anali kumunda akutchola nandolo. Ndinamuuza Jolamu kuti ndikufuna kukaona malire a munda, ndipo iye anabwerera ku siteji. Ndinamupeza mwana wa achemwali angayo pakati pa mitengo ya nandolo, dengu lili pambali.

"Kwagwanji, amalume?"

"Kulibe maliro."

Nkhani za kuchipinda munthu sakamba ndi amalume ake. Zimadutsa kwa amayi. Koma panalibe nthawi yoti zidutse kwa wina aliyense. Ndinayang'ana ku phiri n'kunena kuti, "Mtsikana wa mpango uja amene ankacheza nanu chaka chatha ndi wa kuntchito kwathu. Zimene analemba zadutsa m'manja mwanga."

Manja ake anaima. Anatembenukira kumbali.

"Zonse?"

"Zonse."

Ndinamufotokozera za buku, za makina, ndi za mtolo wa bambo wa chipewa chofiira. Anamvetsera osandiyang'ana. Nditamaliza ndinamuuza kuti atenge ana, tipitire limodzi ku Blantyre tsiku lomwelo.

"Ndithawe pa munda wa amayi anga? Nandoloyu atchole ndani? Ndiponso ndikachoka popanda chifukwa, ndiye kuti ndamuuza ndekha kuti pali kanthu."

"Akaliona pepalalo?"

"Akaliona, waliona. Kuyambira lero ndiwo ndizigula ndekha, pepala lizipita pamoto lisanalowe m'nyumba. Anzanga aja ndikawauza ku mjigo."

"Za pa siteji, zimene amagula yekha?"

Anatchola nandolo wina.

"Buku tikulisindikizanso," ndinatero. "Mawu ako tikhoza kuwachotseratu."

Apa m'pamene anandiyang'ana.

"Dzina chotsani. Chigayo chotsani. Mawuwo asiyeni. Ndinayenda nawo ndekha nthawi yaitali, ndipo mtsikana uja ndi yekhayo anandifunsa. Akawamve akuluakuluwo."

Kenako anati, "Koma inu muzibwera kawirikawiri, amalume. Akamakuonani amachita mantha."

Ndinadya nawo usipa uja masana, Jolamu akundisimbira za mtengo wa mafuta. Sindinamve kukoma kwake. Pochoka ndinadutsira kwa azichimwene ake a Nachisale n'kuwauza kuti wina azigona kufupi ndi nyumbayo. Sanandifunse chifukwa. Ankadziwa za dzino ndi za mkono.

Lachisanu, mu holo

Che Twaibu anasindikizanso Lachinayi, magetsi akubwera ndi kupita. Mabuku anafika m'mawa wa msonkhano akununkha guluu. Masamba ena apakati anali onyezimira, ena wamba, ndipo aliyense wodziwa ntchito akanaona kuti china chake chinachitika. Pulogalamu panalibe. Tinailemba ndi choko pa bolodi pakhomo. Mlendo wolemekezeka atalandira buku lake anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, anabwereranso loyamba. Mkulu wa koleji anayang'ana a Mhone. A Mhone anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana bolodi.

Asiyatu anaitanidwa masana. Ndinaima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Anayamba kuwerenga. Amayi aja tsopano anali Mayi A, Mayi B, Mayi C, a m'mudzi wina m'chigawo cha kummwera. Atafika pa Mayi C anasiya Chingerezi n'kuwerenga m'Chinyanja monga zinalembedwera. "Akadziwa andipha. Sindikunena mongoyerekeza." Nthochi ndi zitumbuwa zinali zitachotsedwa. Belu linalira, koma wolizayo sanabwerezenso, ndipo mtsikanayo anamaliza.

Pa mafunso panaimirira mtolankhani wa wailesi ina, chojambulira mawu chili m'manja.

"Mudzi wake ndi uti? Tikufuna tikacheze nawo amayiwa."

Asiyatu anali mwana woleredwa bwino, wosazolowera kukaniza munthu wamkulu. Anayang'ana pansi, anakonza mpango.

"Pepani bambo. Sindinganene."

"Boma lake lokha?"

"Sindinganene."

Lolemba lotsatira ndinaitanidwa kwa akuluakulu. Anafuna kudziwa amene anandilola kusintha buku, ndipo ndinati palibe. Anafuna kudziwa munthu amene ndinkamuteteza, ndipo sindinawauze. A Mhone analankhula mawu ochepa ondikomera, amene mwina ndi amene anandipulumutsira penshoni. Ndinalandira chenjezo, ndipo anandichotsa ku ofesi yosindikiza n'kundiika kosungira mabuku akale, kumene ndinamalizira zaka zanga ndikupuma fumbi. Chaka chotsatira a Mhone anawonjezera lamulo kwa ophunzira lakuti mfunda ndi dzina. Asiyatu anapeza thandizo la maphunziro apamwamba. Amandiimbira pa Idi chaka chilichonse, ndipo funso lake loyamba silisintha: amayi aja ali bwanji?

Mvula itayamba

Miyezi yotsatira ndinkapita kumudzi Loweruka lililonse. Foni ikalira nambala ya kumudzi, ndinkayamba ndakhala pansi ndisanayankhe. Bambo wa chipewa chofiira ndinamufunsa m'misika yonse. Ena ankati anasamukira ku Phalombe, ena ankati anasiya usipa. Patapita nthawi ndinayamba kudziuza kuti mwina mtolowo unanyowa pa lole, mwina unapita kwina.

Mvula itayamba ndinaima pa Mbulumbuzi kugula ndiwo zopita nazo kumudzi. Mnyamata wogulitsayo anakulunga, ndinafunyulula. Zilembo zake ndinazidziwa ndisanawerenge liwu. Linali theka la tsamba, lothimbirira mafuta a nsomba. Panali Abiti uja, ntchito yake, ana ake, ndi mawu ake onse, osasowa ngakhale limodzi.

"Mapepala awa unawatenga kuti?"

"Anandigawira mnzanga, madala. Unali mtolo waukulu."

"Atsala angati?"

Ananyamula mwala n'kundionetsa. Anali okwana m'dzanja limodzi. Ndinawagula onse, iye akundiyang'ana ngati wamisala. Ndinakhala pa mlatho wa m'mbali mwa msewu n'kuwawerenga limodzi ndi limodzi. Tsamba la Nachisale panalibe.

Ndinabwerera pa benchi.

"Nanga ena onse aja?"

"Anapita ndi ndiwo, madala. Tinayamba kalekale."

Jolamu anadzapita ku Joni patapita zaka, anakwatira komweko, ndipo sanabwerenso. Nachisale ali moyo, ana ake ndi anayi omwe aja, ndipo ndi iye amene wandilola kulemba mutu uno. Sindikudziwa ngati tsamba lake linafikapo m'manja mwa mwamunayo. Amayi ena aja amuna awo alipo, ndimakumana nawo kumaliro ndipo timapatsana moni. Ndipo kumudzi pepala lokulungira silipita pamoto nthawi zonse. Ena amaliwongola n'kuliyala m'sutikesi, ena amalitsomeka kudenga kudikira fodya wopichira, ena amakutira nalo buku la mwana wa sukulu.

Choncho sekani, sindikukuletsani. Koma mukabwera kudzandiona n'kugula kanthu pamsika wa kuno, musataye chokulungira panjira. Mundibweretsere ndi pepala lomwe.